Kunsi kwa Pikapu

Ndinaitenga ku Limbe Lachitatu,
mipando idakavala mapulasitiki,
fungo lake ngati nsapato ya m'bokosi.
Pa Bvumbwe amayi a kabichi anasiya kuwerenga chenji.
Pa Thyolo boma wapolisi anandiimitsa,
osafunsa laisensi,
anangofuna kuisisita pamphumi.

Mwezi usanathe, kagetsi kachikasu
kanayaka kuseri kwa chiwongolero,
diso losaphethira.
Chitseko chakumbuyo chinayamba miseche,
gwede gwede m'mabampu a ku Makwasa.
Galasi la kumanzere linatsika, kukwera lakana,
mvula n'kulowa, n'kukhala pampando ngati yalipira.
Ndinaimba ku Limbe. Mnyamata wa tayi anati,
"Bwana, yatsopano imatero, ikuphunzira msewu.
Mubwere nayo makilomita akakwana."
Ine eya, eya.
Ngongole imaphunzitsa munthu ulemu.

Koma Khuliwa, makaniko wa pa Masambanjati,
uja chala china chinatsalira mu injini ya chigayo,
sanayang'ane penti, sanafunse za wailesi.
Anayala katoni, analowa chagada,
phee, kwa nthawi.
Potuluka anandiloza ndi chala chofiira.
"Dothi lakwathu limenelo," ndinatero.
"Nunkhiza," anatero.
Linali fungo la msomali wa m'chithaphwi.

Miyezi inayi yokha!
Pomwe anawotcherera tchesi,
m'mphepete mwa tizibowo, pa mabawuti a sipuling'i,
dzimbiri litatulutsa kale timadontho ngati chikuku.
"Chiperoni sichigogoda," anatero Khuliwa,
"chimagona m'chitsulo mpaka m'mawa.
Matope a ku Thekerani amakumbatira osasiya.
Nanga thumba la feteleza lija linang'ambika,
unkayesa mcherewo unapita kuti?"

Loweruka nthochi zinadikira ogula ena.
Tinaitsuka kunsi mpaka madzi anayera,
tinaisiya padzuwa, tsiku lathunthu, iume.
Kenako bulashi ya waya,
fumbi lofiira kugwera m'maso, m'mano,
ndinalawa galimoto yanga yomwe.
Penti yofiira poyamba, yakuda pamwamba,
girizi pa mabawuti,
ndipo m'kati mwa tchesi, mosafika dzanja,
tinapopera oyilo ndi sipuleya yakale ya tomato.

Sigele, mwana wanga wa Sitandade 5,
anagona pambali panga, akuwunikira ndi foni.
"Adadi, kuno sikuoneka kwa anthu,
mukupakiranji bwinobwino?"
Ndinafuna kuyankha mwa nzeru
koma dontho la oyilo linandigwera pamlomo.

Odutsa pamsewu anaona mapazi anayi okha.
Wina anakuwa, "Wagula yatsopano
kuti azigona kunsi kwake!"
Anaseka mpaka pa mlatho.
Ndinawasiya. Iwo amaona zitseko zonyezimira,
sadziwa kuti msana ukathyoka
nkhope siisenza mkoko ngakhale umodzi.

Kagetsi kaja anakazimitsa ku Limbe,
ati kawaya kanangomasuka.
Galasi likukwera, monyinyirika.
Chitseko ndachimanga ndi chingwe cha matayala,
miseche yachepa.

Kwatsala miyezi makumi anayi ndi inayi
kuti banki indibwezere buku la galimoto.
Dzimbiri lilibe ofesi,
silitumiza uthenga pa foni tsiku la malipiro,
limangodya, ngati chiswe m'phaso,
mwini nyumba akupenta khonde.
Awiriwa akuthamangitsana pa chitsulo chimodzi,
ine pakati, ndi bulashi yothothoka.

Usiku uno nkhungu yatsikanso kuchokera m'minda ya tiyi,
yaphimba mabulugamu, yafika pabwalo.
Ndatuluka ndi tochi, ndagwada m'matope,
ndapisa dzanja kunsi, monga ndimachitira
pamphumi pa Sigele malungo akamuyamba.
Chala chatuluka chakuda, choterera.
Mayi ake ali pakhomo, chitenje kumutu:
"Ili moyo?"
"Ili moyo."
"Ndiye musambe m'manja, zofunda ndachapa dzulo."